Lamulo loyamba mawa ndi mchenga wa m'kapu

Lachinayi masana mlongo wanga Veronika analowa m'nyumba mwanga osanena n'komwe odi, atanyamula kapu yachitsulo ndi manja awiri. Anaiika pa tebulo, pamwamba penipeni pa mapepala amene ndimalembapo ndemangazi, n'kukhala pansi.

"Tasuzumirani, achimwene."

Ndinasuzumira. Munali madzi otuwa, ndipo pansi pake panali mchenga wokwana zala ziwiri. Mchenga weniweni wa kumtsinje, uja amisiri amasakaniza ndi simenti.

"Ameneyo ndi adubu," anatero. "Adubu wa mbuzi zanga ziwiri. Tsopano ndiuzeni. Kodi aNangozo ananena chiyani Lolemba lija, mu uthenga munafufuta uja?"

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ana ndinali ndi kachinyengo kanga. Funso likandikanika ndinkalibweza kwa wofunsayo kuti akaliganizire kunyumba. Ili linalibe kolibwezera.

Kuti mundimve bwino, tibwerere kumayambiriro kwa sabata.

Ife alimi a mbatatesi a kuno ku Fonte Boa mpaka chakumtunda ku Kalomwe tili ndi gulu la pa foni. Timangoti gulupu. Tilimo anthu oposa makumi asanu ndi atatu. M'menemo timauzana mtengo wa thumba ku Ulongwe, tsiku limene lole ya ku Tete ikubwera, za chiwawu chikagwa m'madimba, za maliro, komanso zithunzi za maluwa zotifunira tsiku labwino zimene zimatithera mega a intaneti. Anandisankha ine kukhala woyang'anira gululi chifukwa ndimadziwa Chipwitikizi ndiponso chifukwa, malinga ndi iwowo, munthu wopuma pa ntchito alibe chochita. Ndinavomera ndi chimwemwe. Ndani sakonda kampando?

Lamulungu titatuluka mu Misa, Veronika anandiuza kuti wagulitsa mbuzi ziwiri ndipo sabata imeneyi atsikira ku Ulongwe kukagula matumba atatu a adubu, uja abale athu a ku Dedza amati feteleza. Mlongo wangayu ndi wamasiye. Dimba la mbatatesi ndi limene limadyetsa iye ndi adzukulu ake atatu, ndipo amene mumalima mukudziwa kuti mbatatesi ikaphonya chakudya pa nthawi yake siikudikirira kuti ukagulitse mbuzi ina. Ndinamuuza kuti ayende bwino, basi nkhaniyo n'kuchoka m'mutu mwanga.

Lolemba m'mawa, ndikumwa tiyi, foni inalira. Anali aNangozo, mayi wachikulire wa kuseri kwa mishoni. Sadziwa kulemba, koma kabatani kojambulira mawu amakadziwa kuposa tonsefe.

"Anzanga, ndine Nangozo. Ndati ndikutsineni khutu. Adubu wa ku loja ija ya ku Ulongwe ili pafupi ndi poimira machapa musagule. Ndasungunula m'kapu, theka lake ndi mchenga. Ndabwerera kukamuuza mwini wake, wandipirikitsa ngati nkhuku. Amene sakukhulupirira abwere kwathu, kapu ilipo."

Anatchula dzina la loja, sitolo yake imeneyo. Anatchula dzina la mwini wake. Pakati pa mawuwo anawonjezera kuti munthuyo amayenda modzikweza chifukwa amadyera mbale imodzi ndi akuluakulu a m'maofesi.

Tiyi wanga asanazizire, a Lusiano, katekista wathu, munthu wabwino koma wamantha ngati ine ndemwe, anaponya chidziwitso pa gulupu. Chinali ndi mutu wa malembo ofiira.

"CHIDZIWITSO. Boma lakhazikitsa lamulo latsopano. Kuyambira mawa mafoni onse azimvetseredwa. Aliyense wonyoza munthu kapena boma pa masamba a mchezo adzamangidwa, ndipo woyang'anira gulu ndi amene adzayambe kutengedwa. Tumizani kwa onse amene mumawakonda."

Pansi pake a Lusiano analemba kuti, "Apulofesolo, mwaona? Ife tili ndi ana."

Ndisakunamizeni, ndinachita mantha. Ndinadziona ndikukwera kumbuyo kwa galimoto ya apolisi pa msinkhu wanga uno, ndi mawondo anga olirawa, anthu amene ndinawaphunzitsa kuwerenga akundiyang'ana. Chala changa sichinafunse n'komwe mutu. Ndinadina pa mawu a aNangozo, n'kusankha kufufuta kwa onse. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kuthira shuga m'kapu.

Veronika amakhala kukhwawa kumene rede, netiweki ya foni, safika. Kuti amve za pa gulupu amakwera pachulu cha kumtunda kwa munda wake akaweruka kudimba. Atakwera Lolemba lija anangopeza kamzere konena kuti uthenga uwu wafufutidwa ndi woyang'anira. Amene anamva mawu a aNangozo asanafufutidwe analipo ambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anawabwereza. Gulupu yonse inangoti zii, mpaka maluwa aja anasiya kubwera.

Tsono ine chilema changa ndi chidwi. Mantha atangozizira pang'ono, funso linayamba kundiyabwa.

Boma lake liti?

Ife a kuno timakhala pakati pa maboma awiri. Lathu la Mozambiki likafuna kutiuza kanthu limalemba m'Chipwitikizi, ndi nambala pamwamba ndi karimbu, chidindo chija, pansi. La anansi athu a ku Malawi ndimamva kuti limalemba m'Chingerezi. Nanga ili lolemba Chichewa chokoma chotere ndi liti? Ndipo munamvapo boma limene limatsiriza lamulo ndi mawu akuti tumizani kwa onse amene mumawakonda?

Safunsa anadya phula, ndinadziuza. Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita ku Ulongwe.

Ndivomere pomwe pano kuti ndinadutsa pakhomo penipeni pa loja ija. Matumba anali atasanjidwa mpaka kudenga, oyera bwino, osokedwa mwaukhondo, anthu akumangirira pa njinga zawo. Ndinayang'ana kumbali n'kupalasa mwamphamvu. Ndinali pa ulendo wofufuza lamulo, osati mchenga.

Mu ofesi ina ya boma muli mayi amene ndinamuphunzitsa ali kamtsikana. Ndinamuonetsa chidziwitsocho. Anawerenga, anaseka, kenaka anayang'ana kukhomo n'kutsitsa mawu.

"Apulofesolo, lamulo limakhala ndi nambala. Ili lilibe. Zoti akuluakulu akukambirana malamulo a pa intaneti timazimva pa wailesi ngati inu nomwe. Zoti wonamizira mnzake akhoza kuimbidwa mlandu n'zakale, foni isanabwere n'komwe. Koma pepala ili ine sindinalionepo."

Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma ndisanatuluke anandigwira mkono.

"Komabe munachita bwino kufufuta. Munthu sudziwa."

Mawu awiri amenewa ndinayenda nawo njira yonse. Munthu amene amagwira karimbu tsiku ndi tsiku, amene wangondiuza kumene kuti lamuloli kulibe, akuliopa lamulo lomwelo. Kodi chinthu chimene kulibe chimakhala bwanji ndi mphamvu chotere?

Pobwerera ndinadzera kwa a Lusiano. Anandiuza kuti chidziwitsocho anachilandira kwa a Tomasi, osintha ndalama a pa malire pa Kalomwe. Lachitatu m'mawa ndinakwera chapa, minibasi yathu ija.

A Tomasi ndinawapeza pa malo awo a masiku onse, pakati pa malole ndi njinga zonyamula katundu, foni ina m'thumba la malaya, ina m'manja. Sanachedwe kuyankha.

"Limenelo ndi la ku Malawi, apulofesolo. Anandipatsa ndi alamu anu omwe, a ku Dedza aja."

"Nanga ngati ndi la ku Malawi, munalitumiziranji kuno?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mvula imanyowetsa.

"Ine ndimadya uku ndi uku. M'mawa foni yanga imagwira rede ya kuno, masana yagwira ya uko, ine ndisanasunthe phazi. Ndikalankhula nditaima pompano, mlandu wake ndi wa boma liti? Inu a sukulu ndiuzeni. Ine ndimangowaopa onse awiri."

 Mpaka lero funso la a Tomasi likundizunguzabe mutu. Mawu amene anajambulidwa ku Fonte Boa, n'kudutsa pa nsanja ya ku Dedza, n'kumvedwa ndi mwana wathu amene ali ku Joni, kwawo n'kuti?

Ndinawoloka malire kupita ku Dedza. Alamu anga aPhiri ndi achimwene a mayi a kunyumba kwanga. Ndinakwatira kumeneko masiku aja tinathawa nkhondo, ndipo ngakhale tinabwerera kwathu mtendere utabwera, msewu wa pakati pathu sunamere udzu. Atandipatsa mpando ndi madzi, ndinatulutsa foni.

"Ooo, limeneli," anatero. "Ndi la kwanu ku Mozambiki, alamu. Ife kuno tinangolilemekeza."

"La kwathu? Kwathu akuti ndi la kuno."

"Ayi, la kwanu."

"Inu munalitenga kuti?"

APhiri anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anavala magalasi, n'kuyamba kukweza chala pa foni yawo, kubwerera m'mbuyo, kudutsa maliro, maukwati, zithunzi za adzukulu, mpaka anaima.

"Si uyu? Kwa inu, alamu."

Ndinatenga foniyo. Dzina linali langa. Nambala inali yanga. Unali uthenga wa masiku aja intaneti inkazima kwathu kuno, pamene tinkakwera chapa mpaka ku Kalomwe kukaima m'mbali mwa msewu, mafoni m'mwamba, kupempha rede ya anansi. Ndinakumbuka. Wina anandiponyera, ine n'kuponyera alamu, ndipo pansi pake ndinalembapo ndi dzanja langa kuti, "Alamu, chenjerani." Amene anandiponyerayo sindikumukumbuka, ndipo foni ya nthawi imeneyo inagwera m'chitsime cha kudimba.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti wanga uja unali waufupi. Unkangoti kuyambira mawa mafoni azimvetseredwa. Munalibe malembo ofiira. Munalibe za kumangidwa. Munalibe za woyang'anira gulu. Zonsezo unazitola m'njira, wina kuwonjezera mzere, wina kupaka utoto, aliyense pofuna kuteteza amene amawakonda. Ndinatumiza kamwana ka mbuzi kubusa, kanabwerera katamera nyanga, n'kugunda mwini wake.

Ndinabwerera kwathu ndikusekerera ndekha m'chapa, ndikuganiza kuti sabata ino ndapeza nkhani yoseketsa owerenga anga. Tsiku lomwelo, mwina ola lomwelo, Veronika anali ku Ulongwe akukweza matumba atatu pa chapa ina.

Tsopano tiyeni tikambirane, inu ndi ine, chifukwa sindikhulupirira kuti ndili ndekha.

N'chifukwa chiyani chidziwitso chopanda dzina, chopanda nambala, chopanda tsiku, chimatigwira msanga kuposa mawu a mayi amene timakhala naye benchi imodzi mu tchalitchi? Ine ndikuganiza kuti mantha amenewa sanabwere ndi foni. Bambo anga, Mulungu awalandire, ankati akafuna kutchula munthu wa udindo ankayamba ayang'ana kukhomo, ngakhale tili kumunda kopanda chitseko. Nthawi ya atsamunda anaphunzira kutero. Nthawi ya nkhondo tonse tinaphunzira kuti funso lakuti ndani wadutsa pano yankho lake ndi sindinaone. Kothawira kuja tinali alendo, ndipo mlendo sadandaula mokweza. Tinabwerera ndi mabulangete, mapoto ndi chizolowezi chimenechi. Ana athu anabadwa mu mtendere, koma anayamwa chomwecho. Mayi wa mu ofesi uja sanaone nkhondo, koma anayang'ana kukhomo ndendende ngati bambo anga.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti pa foni pazikhala popanda mwambo. Amene amafuna malamulo a masamba a mchezo si onse amene ali ndi mtima woipa. Ndikukumbuka chaka china mawu anazungulira m'mafoni akuti kwabwera munthu wachilendo wakuba ana, wovala chipewa chakutichakuti. Tsiku lomwelo anthu anazinga bambo wina amene anangobwera kudzagula nyemba, ndipo akanapanda kuzindikiridwa ndi mayi wina wogulitsa tomato, lero tikanakamba zina. Mawu amenewo ndikanawapeza pa gulupu yathu ndikanawafufuta, ndipo ndikanagona tulo tabwino. Foni imapha. Foni imathetsa mabanja. Mtsikana chithunzi chake chikazungulira samathanso kudutsa pa msika.

Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Ndaganiza sabata yonse, ndipo ndapeza kanthu kamodzi kokha. Mphekesera siinena kuti bwerani mudzaone. Imati akuti, imati ndamva, imati tumizani msanga. ANangozo anayamba ndi dzina lawo, n'kutsiriza ndi mawu akuti kapu ilipo. Anaika mutu wawo pa mawu awo. Akanakhala kuti akunama, mwini loja akanawatengera kubwalo n'kupambana, chifukwa kapu yomweyo ikanawatsutsa. Chidziwitso chofiira chija n'chimene chinalibe mwini, ndipo n'chimene ine ndinachimvera.

Kodi lamulo lingathe kusiyanitsa ziwirizi? Ndikufunsa moona, sindikudziwa. Ngati ine, wopanda bwana, wopanda mfuti, wodziwana ndi aNangozo zaka makumi atatu, ndinalephera kusiyanitsa, nanga kalaliki wa kutali amene sanaonepo dimba, amene pamwamba pake pali bwana, ndipo bwanayo amadziwana ndi mwini loja, adzatani? Adzafufuta wakuba ana uja yekha, kapena adzafufuta zonse kuti ntchito yake isathe?

Chimene ndingapemphe kwa maboma onse awiri n'chochepa. Ngati lamulo likubwera, libwere masana, ndi nambala yake, liwerengedwe pa wailesi m'chilankhulo chimene aNangozo amamva. Linene choletsedwa, ndipo linenenso mokweza chimene sichinaletsedwe. Lamulo limene anthu amangolimva fungo limaletsa chilichonse, chifukwa aliyense amadzijambulira yekha malire ake, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi kuti atsimikize. Ndipo kuzimitsa intaneti sikuzimitsa bodza. Ine ndine mboni. Bodza langa ndinalitola masiku omwewo, nditaima m'mbali mwa msewu pa Kalomwe, chifukwa panalibe pena pofunsa.

Koma ndisakokere bulangete lonse kwa boma, pamene kapu ili pa tebulo langa.

Lachinayi lija ndinamuuza Veronika zonse. Sanakalipe. Yankho ankalidziwa kale. M'mawa umenewo anali atathira thumba limodzi theka la dimba, akumva kuti m'manja mukukhakhala modabwitsa, pamene mayi woyandikana naye munda anabwera n'kumunong'oneza kuti aNangozo ananenapo za adubu ameneyu, kungoti akuti n'zoletsedwa kubwereza. Ndi mayi ameneyo anamuuza za kapu. Veronika anaimbira mwini loja kuti abweze matumba awiri otsalawo. Munthuyo anamuyankha kuti mchengawo wathira yekha, ndipo ngati ali ndi mboni abwere nayo.

"Mboni inalipo, achimwene," anatero. "Inu munaifufuta."

Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chiyambire. Ndinayesa kumufotokozera za a Tomasi, za alamu, za uthenga umene unabwerera kwa mwini wake. Ndinkaganiza kuti mwina aseka.

"Ndiye mwayenda mpaka ku Dedza kufunafuna pepala," anatero, "koma kukhwawa kuno, kumene njinga imangotsetsereka yokha, simunafike."

Lachisanu ndinapita kwa aNangozo. Ndinawapeza kudimba akuthirira ndi keni. Ndinavula chipewa, ndinapepesa, n'kuwapempha kuti atumizenso mawu aja, chifukwa pa foni yawo ayenera kuti akadalipo.

Anatula keni pansi.

"Alipo kuti? Ndinafufuta tsiku lomwelo. Ndinati ngati apulofesolo, munthu wodziwa Chipwitikizi, achita mantha, ine Nangozo ndine yani? Mwana wanga wa ku Tete anaimba foni akulira, akuti amayi mukufuna kufera m'ndende chifukwa cha thumba limodzi? Masiku atatu sindinapite kumsika. Ndikamva njinga yamoto ndimalowa m'nyumba."

"Lamulo lija kulibe, mayi. Ndafufuza."

"Kulibe lero. Nanga mawa?"

Ndinafuna kuwauza kuti mawa limenelo lakhala likubwera kwa zaka, ndipo silinafike. Koma ndinaona kuti si nthawi ya nzeru zanga.

"Amati wakutsina khutu ndi mnansi," anapitiriza. "Ine ndinatsina khutu, ndinalandira mbama. Mawu anga anatha Lolemba. Inu muli ndi sukulu, muli ndi mpando wa pa gulupu. Nenani inu. Mukatsogola, ine kapu yanga ndinyamula, ndikhala pambuyo panu."

Pobwerera ndinadutsa pakhomo pawo. Kapu yawo inali ikadali pawindo, madzi atauma, mchenga uli gwa.

Loweruka m'mawa ndinakhala pa khonde, n'kudina kabatani kaja. Ndinayamba katatu. Munthu amene ndinaima pamaso pa ana zaka zonsezo, ndinali ngati wolapa koyamba. Ndinatchula dzina langa. Ndinanena kuti ndinalakwa kufufuta mawu a aNangozo. Ndinanena zimene ndinaona ndi maso anga m'makapu awiri, ndi loja imene matumbawo anachokera. Za amene amadya ndi akuluakulu sindinanene, chifukwa zimenezo sindinazione. Ndinapempha kuti aliyense amene anagula kumeneko atape dzanja limodzi, asungunule m'madzi, ajambule chimene chatsala pansi, kaya mchenga kaya palibe.

Ndinatumiza. 

Kwa ola lathunthu panalibe yankho. Anthu awiri anatuluka m'gulu. Kenaka a Lusiano, mokhulupirika ngati belu la mishoni, anaponyanso chidziwitso chofiira chija. Ndinawayankha kuti pepalalo ndikulidziwa kuyambira lili khanda, ndinalitumiza ndine ku Dedza, ndipo mawa lake ladutsa kambirimbiri.

Chithunzi choyamba chinabwera chakumasana, kuchokera kwa bambo wina amene chilowereni m'gulu sanalembepo kanthu. Kapu ya pulasitiki, mchenga pansi. Kenaka china. Dzuwa lisanapendeke makapu anali asanu ndi awiri, ndipo imodzi inali yoyera, ya munthu amene anagula ku loja ina. Tapangana kuti Lolemba tipite limodzi ku Ulongwe, aliyense ndi kapu yake, ine patsogolo. Ngati matumba awiri a Veronika adzabwezedwe sindikudziwa. Ndikuopabe, ndisakubisireni. Njinga yamoto ikaima pafupi ndi nyumba, nanenso ndimasuzumira pawindo.

Chimene ndikudziwa n'chakuti theka la dimba la mlongo wanga ladya mchenga, ndipo mbuzi yachitatu yoti agulitse alibe. Zimenezo palibe gulupu imene ingabweze. Tidzaziona pokumba.

Lero titatuluka mu Misa ndinamutengera Veronika kapu yake, nditaitsuka bwino kunja kokha. Anakana kuilandira.

"Ikhale pa tebulo panu pompo," anatero. "Mukamalemba za boma muziiona."

Ndiye ili pano, pafupi ndi dzanja langa. Sabata yonseyi palibe wapolisi amene anafika ku Fonte Boa. Palibe kalata imene inachokera ku ofesi. Palibe boma, la kuno kapena la uko, limene linamva n'komwe mawu a aNangozo. Nanga anawatseka pakamwa ndani?